Mphaka akayamba kusaona, mbale ya madzi isasunthe

PENHALONGA, Zimbabwe – M'tauni ya migodi ya Penhalonga, yomwe ili pa mtunda wa makilomita 18 kumpoto kwa mzinda wa Mutare, madzi amaoneka paliponse. Mtsinje wa Mutare umadutsa m'chigwa cha tauniyi, ndipo dzinja likafika maenje omwe okumba golide amasiya amadzaza mpaka m'milomo. Ambiri mwa madzi amenewa sayenera kumwedwa ndi munthu ngakhale chiweto, ndipo chiweto chomwe chili pa chiopsezo chachikulu ndi chomwe sichiona bwino pomwe chikuponda.

Dzina la tauniyi lidachokera ku mawu a Chipwitikizi otanthauza thanthwe lalitali. Makampani adayamba kukumba golide kuno m'zaka za m'ma 1890, ndipo migodi ya m'derali idakopa antchito ochokera ku Nyasaland, Mozambique ndi Northern Rhodesia. Zidzukulu za ena mwa iwo zidakali m'makomboni a m'derali, ndipo Chichewa ndi chimodzi mwa ziyankhulo 16 zomwe malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a m'chaka cha 2013 amazivomereza.

Monga zilili m'midzi ndi m'makomboni a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, mabanja ambiri kuno amaweta mphaka kaamba ka makoswe. Mphaka wotereyu amadzisakira yekha chakudya ndi madzi, ndipo eni ake samaganizira kawirikawiri za komwe amamwa. Zinthu zimasintha maso ake akayamba kufooka. Matenda ambiri omwe amaononga maso a mphaka wokalamba ndi omwenso amachititsa kuti thupi lake lizifuna madzi ochuluka, choncho ludzu limakula pa nthawi yomwe kupeza madziwo kwayamba kumuvuta.

Nyama yosamva ludzu msanga

Mphaka woweta adachokera kwa mphaka wakuthengo yemwe akatswiri amamutcha Felis lybica, wokhala m'madera ouma a mu Africa ndi ku Middle East. Izi zidatsimikizidwa ndi kafukufuku yemwe adasindikizidwa mu magazini ya Science m'chaka cha 2007. Kholo lakelo limapeza madzi ambiri m'nyama yomwe lagwira, chifukwa pafupifupi magawo 70 pa 100 alionse a thupi la mbewa kapena mbalame ndi madzi. N'chifukwa chake mphaka samva ludzu msanga ngati galu, ndipo impso zake zimasunga madzi potulutsa mkodzo wochepa.

Madokotala a ziweto amawerengera kuti mphaka amafunika madzi okwana pafupifupi mamililita 50 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake pa tsiku, kuphatikizapo omwe ali m'chakudya. Mphaka wolemera makilogalamu 4 amafunika mamililita 200, omwe ndi pafupifupi kapu imodzi ya tiyi. Akasiya kusaka kaamba ka vuto la maso, madzi omwe amawapeza m'mbewa amafunika achokere kwina. Ngati akudyetsedwa chakudya chouma cha m'mapaketi, chomwe madzi ake ndi magawo 10 okha pa 100, pafupifupi kapu yonseyo iyenera kuchokera m'mbale.

Kamwedwe ka mphaka nakonso kamafuna kuti adziwe bwino lomwe pomwe madzi alekezera. M'chaka cha 2010, akatswiri anayi a m'sukulu za ukachenjede za MIT, Virginia Tech ndi Princeton ku America, omwe mwa iwo mudali Pedro Reis ndi Roman Stocker, adajambula amphaka akumwa pogwiritsa ntchito makamera othamanga kwambiri. Adapeza kuti mphaka satunga madzi ndi lilime. Nsonga ya lilime imangokhudza pamwamba pa madzi n'kubwerera mofulumira, madzi n'kulondola lilimelo ngati kachingwe, ndipo pakamwa pamatsekeka madziwo asadagwe. Amachita zimenezi pafupifupi kanayi pa sekondi, ndipo ulendo uliwonse amapeza madzi okwana gawo limodzi mwa magawo 10 a mililita. Kuti amwe mamililita 200, lilime liyenera kutuluka ndi kubwerera maulendo pafupifupi 2,000.

Ngakhale mphaka wa maso abwino saona bwino zinthu zomwe zili pafupi kwambiri ndi nkhope yake, ndipo madzi odekha m'mbale amamuvuta kuwazindikira. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe amphaka ena amayamba aviika phazi asadamwe. Mphaka wa maso ofooka akalakwitsa n'kumiza mphuno, amatsamwa ndi kuyetsemula, ndipo zikachitika kangapo amayamba kuipewa mbaleyo.

Zomwe zimaononga maso

Kwa amphaka okalamba, chimodzi mwa zifukwa zazikulu za khungu ndi kuthamanga kwa magazi. Vutoli limayendera limodzi ndi matenda a impso, omwe malinga ndi bungwe la International Society of Feline Medicine amagwira amphaka 30 mpaka 40 pa 100 alionse omwe apitirira zaka 10. Magazi akathamanga kwambiri, timitsempha ta m'diso timaphulika ndipo kansalu kopyapyala ka kumbuyo kwa diso, kotchedwa retina, kamamatuka. Mphaka amatha kugona akuona n'kudzuka ali wakhungu. Impso zodwala zimalephera kusunga madzi, choncho mphakayo amakodza kwambiri ndipo amafunika kumwa kwambiri.

Chifukwa china chili m'chakudya. M'chaka cha 1975, katswiri K.C. Hayes ndi anzake adaonetsa kuti mphaka akasowa chinthu chofunika m'thupi chotchedwa taurine, retina imaonongeka pang'onopang'ono. Taurine amapezeka m'nyama, nsomba, mitima ya ziweto ndi mbewa, ndipo mu nsima kapena sadza mulibe. Mphaka yemwe akungodalira mkute ndi msuzi wa masamba, kapena chakudya cha agalu, amakhala pa chiopsezo. Gawo la diso lomwe laonongeka motere silibwerera, ngakhale kuti kukonza kadyedwe kumaletsa vutolo kupitirira.

Mankhwala a ziweto zina nawonso amapha maso. Enrofloxacin, yemwe alimi amagula kuti azipatsa nkhuku ndi ng'ombe, amaononga retina ya mphaka akapitirira mamiligalamu 5 pa kilogalamu pa tsiku, ndipo nthawi zambiri khungu lake limakhala la mpaka kalekale. Ivermectin wochuluka amachititsanso khungu ndi kunjenjemera. Palinso ng'ala, kutupa kwa mkati mwa diso kobwera ndi tizilombo ta FIV ndi FeLV, chimfine cha amphaka chomwe chimamata maso a tiana, zilonda za pa ndewu, komanso ululu wa njoka yolavulira m'maso yotchedwa Naja mossambica, yomwe imapezeka ku Zimbabwe, Mozambique, Malawi ndi Zambia. Diso lolavuliridwa liyenera kutsukidwa ndi madzi oyera ambiri nthawi yomweyo.

Mphaka amabisa vuto lake chifukwa amaloweza pamtima malo omwe amakhala. Eni ake amadzazindikira atasuntha mpando kapena ndowa, iye n'kuziomba. Zizindikiro zina ndi kuyenda motsamira khoma, kuzengereza kudumpha, kudzidzimuka akakhudzidwa, ndi kadontho kakuda ka pakati pa diso komwe kamakhalabe kotambasuka ngakhale padzuwa. Njira yosavuta yoyesera ndi kugwetsa kathonje patsogolo pake. Thonje silimveka likagwa ndipo lilibe fungo, choncho mphaka yemwe akulitsatira ndi maso ndiye kuti akuona.

Kukonza malo omwera

Mphaka wosaona amayenda ndi zinthu zinayi: zomwe adaloweza, ndevu, makutu ndi mphuno. Malo omwera ayenera kukonzedwa poganizira zinayi zonsezi.

Choyamba n'chakuti mbale isasunthe. Pomwe yaikidwa pakhale pomwepo tsiku ndi tsiku, ndipo aliyense pakhomo, ngakhale ana ndi wosesa m'nyumba, adziwe zimenezi. Ikatsukidwa ibwezeredwe pamalo pake. Malo abwino ndi a phee, a mthunzi, apansi, omwe ali m'njira yomwe mphakayo amadutsa kale pochoka pogona pake. Mbale italikirane ndi mbaula kapena moto, khomo lomwe anthu amadutsa pafupipafupi, ndi malo omwe mphaka amadzithandizira. Italikiraneko pang'ono ndi mbale ya chakudya kuti nyenyeswa zisagweremo. Ndi bwino kukhala ndi mbale ziwiri kapena zitatu, ina m'nyumba ina pakhonde, kuti kulikonse komwe ali asayende mtunda wautali. Kumene kuli agalu kapena nkhuku, mbale imodzi ikhale pomwe izo sizifika, chifukwa mphaka wosaona sapikisana ndi mnzake pa madzi.

Mbaleyo ikhale yotambalala, yosazama komanso yolemera kuti isagubuduke akaiponda. Phale la mtsuko losalala m'mbali, mbale yadothi kapena yachitsulo yokhala ndi tsinde lalikulu zimachita bwino kuposa chitini chopapatiza kapena kabakuli kapulasitiki. Mbale yadothi ilinso ndi ubwino wosunga madzi ozizira m'miyezi yotentha ya October ndi November. Madzi azithiridwa kufika pa mlingo umodzimodzi nthawi zonse, pafupi ndi m'milomo mwa mbale, kuti lilime lizolowere mtunda wake. Kwa mphaka wokalamba yemwe mafupa amamuwawa, kuika mbale pa njerwa imodzi yogoneka kumamuchepetsera kuwerama.

Pansi pa mbale payalidwe chinthu chomwe mapazi angachisiyanitse ndi simenti kapena dothi, monga chiguduli, kachidutswa ka mkeka kapena ka mphasa, ndipo chitulukire mbali zonse. Mphaka akachiponda amadziwa kuti madzi ali pafupi ndipo amachepetsa liwiro. Ngati maso akuonabe pang'ono, mbale yakuda pa choyala chowala, kapena yoyera pa choyala chakuda, imaoneka msanga. Ena amaika kanthu koyandama, koyera bwino komanso kosatheka kumezedwa, monga kampira kopepuka, kuti madzi azigwedezeka ndipo ndevu zizikhudza kanthuko mphuno isadafike m'madzi.

Ndevu za mphaka, zomwe zimakhala pafupifupi 12 mbali iliyonse ya mphuno, zisadulidwe ngakhale pang'ono. M'tsinde mwake muli mitsempha yomwe imamva ngakhale kusintha kwa kayendedwe ka mpweya pafupi ndi khoma. Tsitsi lina lotere lili pamwamba pa maso ndi kumbuyo kwa miyendo yakutsogolo. Kwa mphaka wakhungu, izi ndizo ndodo yake.

Makutu ake ndi akuthwa kwambiri: amamva mawu ofika pa ma kilohertz 64, pomwe munthu amalekezera pa 20. M'mizinda ikuluikulu mumagulitsidwa timbale tamagetsi tomwe madzi ake amayenda ndi kumveka, koma kumene magetsi amazimazima sitingadaliridwe patokha. Njira yotsika mtengo ndi kupachika botolo loboola kabowo kakang'ono pamwamba pa mbale kuti madzi azidontha. Kuthira madzi momveka pa nthawi imodzimodzi m'mawa ndi madzulo, uku mwini akugogoda mbale ndi chala ndi kumuitana, kumaphunzitsa mphaka kulondola mawuwo m'masiku ochepa.

Pomuphunzitsa pamafunika kuleza mtima. Munthu ayambe wayankhula asadamukhudze. Amulondolere kumbale akuyenda yekha, chifukwa mphaka wonyamulidwa n'kutsitsidwa pena paliponse amasokonezeka. Ngati kunyamula sikungapeweke, atsitsidwe pa choyala cha mbale kapena pogona pake, pomwe angayambire kuwerenga njira. Kunyowetsa chala n'kumukhudza pa mlomo n'kokwanira kumudziwitsa kuti madzi alipo. Kumukanikiza mutu m'mbale kumangomuopseza.

Madzi obisika m'chakudya

Popeza mphaka adazolowera kupeza madzi podya, njira yodalirika yowonjezera madzi ndi kunyowetsa chakudya chake. Chakudya cha m'zitini chimakhala ndi madzi okwana magawo 75 mpaka 80 pa 100. Kwa omwe sangakwanitse kugula, nyama, mitima ya nkhuku kapena nsomba yophika iperekedwe pamodzi ndi madzi omwe yaphikiramo. Taurine amasungunuka m'madzi pophika, choncho kutaya msuziwo ndi kutaya chomwe maso akufuna. Msuziwo upatulidwe musadalowe mchere, anyezi kapena adyo, chifukwa anyezi ndi adyo zimaononga magazi a mphaka. Kapenta, usipa kapena matemba owuma omwe adathiridwa mchere ayambe aviikidwa ndi kutsukuluzidwa.

Supuni imodzi ya msuzi woterewu m'mbale ina ya madzi imapereka fungo lomwe mphaka angalilondole ndi mphuno, koma madzi amenewa asagone, ndipo mbale ya madzi opanda kanthu ikhalepobe. Kufunditsa chakudya pang'ono kumakweza fungo lake. Mkaka usalowe m'malo mwa madzi, chifukwa amphaka ambiri akuluakulu amatsegula nawo m'mimba, zomwe zimataya madzi ambiri kuposa omwe amwa.

Madzi oyenera kupewa

Ku Penhalonga nkhani ya mbale ya pakhomo imakula chifukwa cha zomwe zili kunja. Okumba golide ang'onoang'ono amagwiritsa ntchito mercury pogwira golide, ndipo malo ena otsukira miyala amagwiritsa ntchito cyanide, yemwe amapha nyama m'kanthawi kochepa ikamwa m'madamu ake. Boma la Zimbabwe lidaletsa kukumba golide m'mitsinje m'chaka cha 2014 ndipo lidabwerezanso chiletsochi mu 2024. Nthaka ya m'derali ndi yoboolekabooleka: mu January 2024 mgodi wa Redwing udagumukira anthu 15, omwe adapulumutsidwa onse patatha masiku angapo. Dzenje lomwe mphaka woona amalilambalala, kwa wakhungu ndi msampha.

Mbiri ya mercury ili ndi amphaka mkati mwake. M'tauni ya Minamata ku Japan, m'zaka za m'ma 1950, amphaka ndiwo adayamba kudzandira, kukomoka ndi kugwera m'nyanja atadya nsomba za m'madzi omwe fakitale ya Chisso imatayiramo zoipa. Matendawa adazindikiridwa mwa anthu m'chaka cha 1956, ndipo chimodzi mwa zizindikiro zake chidali kuchepa kwa dera lomwe maso amaona. Mu 1959 dokotala wa pa fakitaleyo, Hajime Hosokawa, adapatsa amphaka chakudya chosakaniza ndi madzi a m'fakitale ndipo adaona zizindikiro zomwezo. Pangano la mayiko lochepetsa kugwiritsa ntchito mercury, lomwe lidakhazikitsidwa mu 2013 ndipo dziko la Zimbabwe lidalivomereza, limadziwika ndi dzina la tauni imeneyi.

Mercury amaopsa kwambiri akalowa m'matope a mumtsinje, tizilombo n'kumusandutsa methylmercury, yemwe amaunjikana m'nsomba. Choncho nsomba zogwidwa kumunsi kwa malo otsukira golide sizoyenera mphaka, monganso sizoyenera ana ndi amayi oyembekezera. Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo toyambitsa matenda koma sikuchotsa zitsulo zoterezi. Lamulo losavuta ndi lakuti mphaka amwe madzi omwe banja likumwa, ndipo asinthidwe tsiku lililonse.

Pakhomo pomwepo palinso zoopsa. Ndowa, migolo, zitsime ndi zimbudzi zokumba zivundikiridwe. Mabeseni a sopo ndi mankhwala oyeretsera zovala akhuthulidwe akangotha ntchito. Madzi oziziritsira injini za galimoto ndi makina, omwe amakhala ndi ethylene glycol, amapha impso za mphaka ngakhale atanyambita ochepa. Mphaka yemwe wasiyiratu kuona ndi bwino azikhala m'nyumba kapena m'bwalo lotchingidwa ndi mpanda, makamaka usiku.

Nthawi yothamangira kwa dokotala

Mwini mphaka angathe kudziwa kuchuluka kwa madzi omwe akumwedwa pothira ndi botolo lodziwika mlingo wake m'mawa, n'kuyeza otsala m'mawa wotsatira. Mphaka wa makilogalamu 4 akamamwa mopitirira mamililita 400 pa tsiku, chimakhala chizindikiro cha matenda monga a impso kapena shuga. Madziwo asachepetsedwe pofuna kuti asakodze pafupipafupi, chifukwa kutero kumafulumizitsa imfa. Kuchepa kwa madzi m'thupi kumaoneka ndi nkhama zouma ndi zomata, maso olowa, kufooka, kudzimbidwa, ndi chikopa cha pamapewa chomwe chimachedwa kubwerera chikatsinidwa. Mphaka yemwe watha tsiku lathunthu osadya kapena kumwa afunika dokotala.

Khungu lodza mwadzidzidzi lifunika changu chachikulu. Ngati chayambitsa ndi kuthamanga kwa magazi, mankhwala a amlodipine, operekedwa ndi dokotala wa ziweto pa mlingo wa mphaka, amatsitsa magaziwo, ndipo amphaka ena amayambanso kuona ngati athandizidwa m'masiku oyambirira. Kuchedwa kumachepetsa mwayi umenewu. Mankhwala a anthu asaperekedwe mwachisawawa: m'bulu umodzi wa paracetamol ungathe kupha mphaka.

Pali chenjezo linanso. Mphaka yemwe akuchucha dovu, akulephera kumeza, kapena wasintha khalidwe mwadzidzidzi angakhale ndi chiwewe, matenda omwe alipo m'mayiko onse a m'chigawo chino. Wotere asamwetsedwe ndi manja ndipo munthu asapise chala m'kamwa mwake. Atsekeredwe, alangizi a ziweto adziwitsidwe, ndipo yemwe walumidwa kapena kukandidwa atsuke bala ndi sopo kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala, monga limalangizira bungwe la World Health Organization.

Anthu a ku Penhalonga angapeze thandizo ku maofesi a boma oona za ziweto, kwa madokotala a ziweto a mumzinda wa Mutare, kapena ku bungwe la SPCA la mumzindawu. Ku Malawi ntchito yofanana imagwiridwa ndi bungwe la LSPCA ku Lilongwe. M'madera ena mphaka wa maso otuwa kapena woyenda mozungulirazungulira amamuganizira za ufiti ndipo amapirikitsidwa, chonsecho zomwe zikuoneka ndi zizindikiro za matenda odziwika. Ku Zimbabwe, lamulo la Prevention of Cruelty to Animals Act limaletsa kuzunza chiweto kapena kuchisiya chikuvutika.

Madokotala a ziweto amagwirizana pa mfundo yakuti khungu palokha silifupikitsa moyo wa mphaka. Ambiri amazolowera m'masabata ochepa, amayenda m'nyumba mosavuta, ndipo ena amagwirabe makoswe polondola mtswatswa. Zomwe zimawapha ndi matenda omwe ayambitsa khungulo akapanda kuchizidwa, ngozi za panja, ndi kuchepa kwa madzi m'thupi. Kuchiza matendawo ndi ntchito ya dokotala. Ngozi ndi ludzu zingapewedwe pakhomo pomwepo ndi mpanda, chivundikiro pa mgolo, chiguduli, ndi mbale yodzaza yomwe mphakayo adzaipeza mawa pomwe waisiya lero.